Kazembe Sherman ndi Ulendo wa ku Nyanja

Lero tikambe za William Tecumseh Sherman, kazembe wa nkhondo wa ku America, amene anabadwa ku Ohio m'caka ca 1820. Atate wace anamwalira iye ali wa zaka 9, ndipo analeredwa pa khomo la eni. Anaphunzira usilikali ku West Point, nayesanso nchito ya banki ku San Francisco, koma bankiyo inatsekedwa. Pamene nkhondo ya paciweniweni inabuka mu 1861 pakati pa a Kumpoto ndi a Kumwera osunga akapolo, iye anaima ndi a Kumpoto.

Cimene cinabukitsa mbiri yace ndico ulendo wapansi. Pa 15 November 1864 asilikali ace ngati 60,000 ananyamuka ku Atlanta kulinga ku Savannah, mudzi wa kufupi ndi nyanja yamcere, mtunda wa mailosi pafupifupi 300. Anawalamula kunyamuka 7 koloko m'mawa ndi kuyenda mailosi 15 pa tsiku. Inu amene munafika kuno wapansi, mtolo uli pamutu, mudziwa m'mene mapazi acitira matuza. Msilikali anasenza mfuti, zipolopolo 40, gombeza ndi kacitini kophikira khofi. Phoso la m'ngolo linali masikono ouma gwa, khofi, shuga ndi mcere. Cotsala anafuna okha. Tsiku ndi tsiku gulu losankhidwa linalowa m'minda ya eni dziko, nkubwera madzulo ndi mbatata, cimanga, nkhuku ndi nkhumba. Tisabise mau: kumeneko kunali kufunkha, ndipo m'mbuyo mwao ana, akuda ndi oyera omwe, anagona ndi njala.

Pofika pa njanji panalibe kupuma. Anazula zitsulo, naunjika mitengo yogonekapo njanji, nasonkha moto. Citsulo citafiira pakati anacikulunga pa mtengo kuti cisagwirenso nchito.

Akapolo zikwizikwi anathawa ambuye ao natsata asilikaliwo, ndipo amuna ena anayala mitengo m'matope kuti ngolo zipite. Koma pa 9 December, pa mtsinje wa Ebenezer, kazembe wina wa pansi pa Sherman, Jefferson C. Davis, anacotsa ulalo asilikali atangooloka, nasiya anthu akuda tsidya lija, adani apakavalo ali pafupi. Ambiri anamira, ena anabwezedwa ku ukapolo. Sherman sanamlange munthuyo, ndipo pa ici ife sitingamuikire kumbuyo.

Savannah anagwidwa pa 21 December. Mu January 1865 Sherman anagawira mabanja a omasulidwa malo, mpaka maekala 40 banja limodzi, koma caka comweco Purezidenti Andrew Johnson anabwezera malo ambiri kwa eni akale.

Sherman anamwalira ku New York mu February 1891. Joseph Johnston, kazembe wa Kumwera amene anagonja kwa iye mu 1865, anali mmodzi wa operekeza bokosi. Nkhalambayo inaima m'cisanu yosabvala cisoti, nigwidwa cibayo, nimwalira mwezi wotsatira.