Mbiri ya Clara Schumann, Katswiri wa Piyano (1819–1896)

Ophunzira, mukamawerenga mbiri ya munthu musamangoloweza zaka ayi. Muzifunsa kuti: chinamuumba munthuyu n'chiyani, nanga analimbana ndi zotani? Tiyeni tiyesere pa moyo wa Clara Schumann.

Clara anabadwa pa 13 Sepitembala 1819 mumzinda wa Leipzig ku Germany. Pomwe amishoni ankatsegula Mvera ku Dowa mu 1889, iye n'kuti ali gogo wa zaka 70. Chida chake chinali piyano. Imaoneka ngati kiyibodi ya kutchalitchi ija, koma simalira magetsi: mukadina batani, kanyundo kamamenya nsambo m'kati.

M'mera mpoyamba. Bambo ake, a Friedrich Wieck, anali mphunzitsi wa piyano ndipo anayamba kumuphunzitsa ali ndi zaka zisanu. Tsiku lililonse ankaphunzira ola limodzi, kenaka n'kuyeserera yekha maola awiri. Mu 1828, ali ndi zaka 9 zokha, anaimba pagulu m'holo yotchuka ya Gewandhaus. Pofika 1838 anali atagwedeza mzinda wa Vienna mpaka mfumu ya Austria inamupatsa ulemu wapadera.

Apa ndiye pali mkangano wa nkhaniyi, muugwire bwino. Bambo aja ankaona luso la mwanayo ngati munda wawo. Ndiwo ankakonza maulendo, ndiwonso ankasunga ndalama. Clara atakondana ndi Robert Schumann, wophunzira wawo wakale, iwo anakanitsitsa. Awiriwo anapita kukhoti, nawina mlandu, n'kukwatirana pa 12 Sepitembala 1840.

Musaganize kuti mavuto anathera pomwepo. M'banjamo munabadwa ana asanu ndi atatu, mmodzi n'kumwalira ali wakhanda. Robert, yemwe anali wopeka nyimbo, anadwala matenda a maganizo. Mu 1854 anagonekedwa pachipatala cha ku Endenich, pafupi ndi Bonn, ndipo anamwalira mu 1856. Clara anatsala wamasiye ali ndi zaka 36, ana asanu ndi awiri akumuyang'ana.

Kodi anatani? Anabwerera ku piyano. Anayenda m'maiko ambiri kuimba m'maholo, makamaka ku England komwe anayamba kupitako mu 1856. Ndalama zake ndizo zinalera anawo, pambuyo pake ndi adzukulu omwe. Ankaimba nyimbo zazitali kuchokera pamtima, osayang'ana papepala, zomwe sizinkachitika kawirikawiri masiku amenewo. Anatchukitsanso nyimbo za mwamuna wake ndi za mnzawo Johannes Brahms.

Kuyambira 1878 mpaka 1892 anaphunzitsa piyano pasukulu ya zoimbaimba ya Hoch ku Frankfurt. Anaimba pagulu komaliza mu 1891, patatha zaka zoposa 60 chiyambireni. Anamwalira pa 20 Meyi 1896 ndipo anaikidwa ku Bonn pamodzi ndi mwamuna wake.

Mwaonatu: luso lomwe bambo analidzala mwankhanza ndi lomwelo linamupatsa Clara mphamvu zodziimira payekha, ngakhale pamaso pa bambo akewo. Choncho poyankha mayeso musathamangire kunena kuti a Wieck anali oipa basi, kapena abwino basi. Perekani mbali zonse ziwiri, ndi umboni wake.

Mafunso
1. Fotokozani njira ziwiri zomwe a Wieck anathandizira Clara, ndi imodzi yomwe anamupondereza.
2. Kodi mwambi wakuti m'mera mpoyamba ukugwirizana bwanji ndi mbiriyi?