William Shakespeare, bambo wa mapasa

Makolo ena atifunsa chifukwa chimene tinaonetsera ana filimu ya sewero la zachikondi, lomwenso amuna avalamo zachikazi. Funsoli ndi lomveka. Tiyankhe pofotokoza za mwini sewerolo.

William Shakespeare anabadwa mu Epulo 1564 m'tauni ya Stratford-upon-Avon ku England. Bambo ake, a John, ankasoka magolovesi achikopa. Iye sanapondeko ku yunivesite. Mu 1582, ali ndi zaka 18, anakwatira Anne Hathaway. Mwana wawo woyamba, Susanna, anabadwa mu 1583, ndipo mu 1585 kunabadwa mapasa, mnyamata Hamnet ndi mtsikana Judith. Kenako Shakespeare anasiya banja kumudzi n'kupita ku London, monga achitira abale athu opita ku Joni. Kumeneko ankachita zisudzo, kuzilemba, komanso anali mmodzi mwa eni nyumba ya zisudzo ya Globe, yomwe inamangidwa mu 1599.

Mu Ogasiti 1596 Hamnet anamwalira ali ndi zaka 11. Judith anatsala wopanda mnzake wobadwa naye.

Patapita zaka ngati zisanu bamboyu analemba Twelfth Night, sewero lomwe ana athu aonera. Anthu analionera ku London mu Febuluwale 1602. Ndi loseketsa ndithu, koma taonani pomwe layambira: chombo chasweka panyanja, mapasa Viola ndi Sebastian alekana, aliyense akuyesa kuti mnzake wamira. Viola, ali yekha kudziko la eni, avala ngati mnyamata kuti apeze ntchito kwa mfumu Orsino. Chisokonezo chonse cha chikondi chichokera pamenepo. Pomaliza mapasawo akumana maso ndi maso, koma sathamangirana. Ayamba afunsana za kwawo ndi za bambo awo, poopa kukondwera pachabe.

Ife a kuno kuchigwa, amene tinaona Shire ndi Ruo zikulekanitsa mabanja mu Januwale 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, mantha amenewo tikuwadziwa. Munthu amene munamulira kale maliro, akatulukira simukhulupirira msanga. Ife timaona kuti wolembayu anawapatsa mapasa a m'sewero chimene mapasa ake sanachipeze.

Nanga za amuna ovala zachikazi? M'masiku a Shakespeare akazi sankachita nawo zisudzo zapoyera ku England. Mbali zawo ankatenga anyamata. Filimu yomwe tinaonetsa inajambulidwa mu 2012 m'nyumba ya Globe yatsopano, ndipo ochita sewerolo anatsata mwambo wakalewo. N'chifukwa chake mayi Olivia ndi bambo wina, Mark Rylance.

Shakespeare anabwerera kwawo ku Stratford, komwe anamwalira pa 23 Epulo 1616 ali ndi zaka 52. Mu 1623 anzake awiri, John Heminges ndi Henry Condell, anasonkhanitsa masewero ake 36 m'buku limodzi. Mwa amenewa, 18 anali asanasindikizidwepo, ndipo Twelfth Night linali limodzi mwa iwo. Judith anakhala ndi moyo mpaka 1662, ali ndi zaka 77.