Johnson, wansembe amene anabweretsa sitima ku gombe lathu

Metangula — Masiku ano tikakhala pa dooko timatsutsana za mainjini a maboti, wina kuyamikira liwiro, wina kudandaula mtengo wa petulo. Makolo athu nawonso anaonapo makina achilendo pa nyanja yomweyi, ndipo amene anawabweretsa ndi William Percival Johnson, wansembe wa mpingo wa Anglican.

Bambo Johnson anabadwa m'chaka cha 1854 ku England. Ali pa sukulu ya ukachenjede ya Oxford ankakonda masewera opalasa bwato, ndipo anali katswiri. M'chaka cha 1876 analowa mishoni ya UMCA nabwera ku Africa. Atagwira ntchito ku Masasi anapita ku Mwembe kwa mfumu Mataka mu 1880, koma chaka chotsatira anathamangitsidwako.

Mu 1882 anafika ku gombe lino pamodzi ndi mnzake Charles Janson. Sipanapite nthawi, Janson anamwalira. Johnson anatsala akuyenda wapansi ndi pa bwato, mudzi ndi mudzi, m'nyengo imene anthu ankathawa nkhondo za Magwangwara ndi ogula akapolo. Apa ndi pamene anaona kuti msewu weniweni wa dera lino ndi nyanja.

Mu 1884 anabwerera ku England kukapempha ndalama zogulira sitima yoyendera nthunzi. Sitimayo inabwera zidutswazidutswa kudzera mu mtsinje wa Zambezi ndi Shire, ndipo anailumikiza pa Matope mu 1885. Anaitcha Charles Janson pokumbukira malemu aja. Koma pa ulendowo, ali ku Quelimane, Johnson anadwala maso mpaka kuchita khungu. Madotolo a ku England anangopulumutsa diso limodzi, nalonso linkaona mwa chimbuuzi. Ambiri akadasiyira pomwepo, koma iye anabwereranso ku nyanja.

Kuyambira pamenepo sitima inasanduka nyumba yake. Inkayendera nkhuni, choncho inkaima m'midzi kuti itenge nkhuni zodulidwa ndi eni mudzi. Inkatsitsa aphunzitsi ndi mabuku, n'kubweranso kudzaona m'mene sukulu zikuyendera. Umu ndi m'mene Messumba anakulira, kumene Augustine Ambali, amene kale anali kapolo, anatumikira zaka zambiri. Ku Cóbuè kunatsegulidwa koleji ya St Michael yophunzitsa aphunzitsi.

Mnzake wapamtima Chauncy Maples, atangodzozedwa kukhala bishopu wa Likoma, anamira pa nyanja mu 1895 pamene ngalawa yake ya thanga inagubuduzika ndi namondwe. Johnson anakhala Archdeacon mu 1896. Sitima yachiwiri, yaikulu kuposa yoyamba, inamangidwa ku Glasgow ndipo inaikidwa pa madzi mu 1901 ndi dzina la Chauncy Maples. M'kati mwake anthu ankapempheramo ndi kuphunziramo.

Ngakhale maso anali ovuta, Johnson anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja cha kuno kunyanja, ndipo lathunthu linatuluka mu 1912. Analembanso mabuku, lina mwa iwo Nyasa, the Great Water la mu 1922. Anamwalira pa 11 Okutobala 1928 ku Liuli, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo manda ake ali komweko.

Owerenga athu, moyo wa mkuluyu ukutisiyira funso. Sitima zija zinali za mtengo wapatali, koma chimene chinatsala m'midzi si zitsulo zake ayi. Chinatsala ndi ana odziwa kulemba ndi kuwerenga m'chinenero chawo. Tsono pamene tikukangana za injini yabwino kapena foni yatsopano, tidzifunsenso kuti makinawo akufikitsa chiyani kwa mwana wa sukulu ndi kwa mayi wodwala amene ali kutali ndi chipatala.