Justin Woyera, mphunzitsi wofera chikhulupiriro

Pa 1 June Mpingo umakumbukira Justin Woyera, amene sanali wansembe kapena episkopi, koma Mkhristu wamba wogwira ntchito ya uphunzitsi. Anabadwa cha m'ma 100 ku Flavia Neapolis m'dziko la Samaria, mzinda umene lero umatchedwa Nablus. Makolo ake anali akunja. Nthawi imeneyo ulamuliro unali m'manja mwa Aroma, koma maphunziro ndi chilankhulo cha anthu ophunzira zinali za Agiriki.

Ali mnyamata, Justin anayamba kufunafuna choonadi cha Mulungu kwa afilosofi, akatswiri a nzeru zakuya za Chigiriki. Mphunzitsi woyamba, wa gulu la Astoiki, sanamuuze kanthu za Mulungu. Wachiwiri, wotsatira Aristotle, patangopita masiku ochepa anayamba kukamba za malipiro, Justin n'kumuchokera. Wachitatu, wotsatira Pythagoras, anafuna kuti ayambe waphunzira nyimbo, nyenyezi ndi masamu. Mtima wake unakhazikikako pa ziphunzitso za Plato, mpaka tsiku lina akuyenda m'mphepete mwa nyanja anakumana ndi nkhalamba imene inamuonetsa kuti nzeru za munthu pazokha sizingafike kwa Mulungu, n'kumulozera ku mabuku a aneneri. Chinanso chimene chinamukhudza ndi kulimba mtima kwa Akhristu pamene ankaphedwa. Anaona kuti anthu ochita zonyansa, monga ankawanamizira, sakanafa imfa yotero.

Atabatizidwa sanavule chovala chimene afilosofi ankadziwika nacho. Anatsegula sukulu mumzinda wa Roma, n'kumaphunzitsa Chikhristu ngati nzeru yeniyeni imene Agiriki ankaisakasaka. Afilosofi anali ndi liwu lakuti Logos, kutanthauza Mawu kapena Nzeru yoyendetsa chilengedwe, liwu lomwe Yohane analigwiritsa ntchito poyamba Mthenga Wabwino wake. Justin anaphunzitsa kuti Logos ameneyu ndi Khristu, ndipo kuti mbewu zake zinafesedwa mwa anthu onse, kotero kuti choona chilichonse chimene Socrates kapena Plato ananena chinachokera kwa Khristu yemweyo, ngakhale iwo ankangomuona mwa chimbuuzi. Kunena zimenezi kunafunika mtima, chifukwa panali Akhristu ena amene ankaona maphunziro onse a akunja ngati msampha.

Cha m'ma 155 analembera mfumu ya Aroma, Antoninus Pius, buku loteteza Akhristu. Anapempha kuti malamulo a Aroma omwewo atsatidwe: munthu aweruzidwe pa mlandu umene wapalamula, asaphedwe chifukwa chongotchedwa Mkhristu. Popeza kunkamveka mphekesera yakuti Akhristu amadya nyama ya anthu pa misonkhano yawo, iye anafotokoza zimene zinkachitika pa Lamulungu, tsiku limene Aroma ankalitcha la Dzuwa. Anthu a m'tauni ndi a kumudzi ankasonkhana malo amodzi. Ankawerenga zolemba za Atumwi kapena za aneneri, wotsogolera n'kulalika, kenaka onse n'kuimirira kupemphera. Ankabweretsa mkate, vinyo ndi madzi, wotsogolera n'kuthokoza Mulungu, anthu n'kuvomera Amen. Madikoni ankatengera Ukaristia amene sanathe kubwera, ndipo chopereka chinkathandiza ana amasiye, amayi amasiye, odwala, akaidi ndi alendo. Aliyense wobwera ku Misa m'mawa uno aizindikira ndondomeko imeneyi.

Cha m'ma 165 Justin anagwidwa pamodzi ndi Akhristu ena 6, mmodzi mwa iwo mayi dzina lake Charito. Pampando panali Marcus Aurelius, mfumu yokonda filosofi, ndipo woweruza mlanduwo, Junius Rusticus, mkulu wa mzinda wa Roma, ndi amene anaphunzitsa mfumuyo nzeru za Astoiki. Maphunziro onsewo sanasinthe lamulo lakuti wokana milungu ya boma ndi woukira boma. Rusticus anawalamula kuti apereke nsembe kwa milunguyo. Onse anakana, ndipo anakwapulidwa, kenaka n'kudulidwa mitu.