Samora Machel, namwino amene anatumiza katemera ku midzi

Samora Moisés Machel anabadwa pa 29 Setembro 1933. Anabadwira m'mudzi wa Chilembene, m'cigawo ca Gaza, pafupi ndi mtsinje wa Limpopo. Kumeneko ndi kutali kwambiri ndi Ulongwe. Koma moyo wake sunasiyane kwenikweni ndi wa kuno. Makolo ake anali alimi, ndipo anali ndi ng'ombe. Ali mwana, Samora ankaweta ng'ombe za bambo ake, monga amacitira anyamata a ku Domwe ndi a ku Tsangano.

Masiku amenewo Apwitikizi ndiwo ankalamulira Moçambique. Alimi ankawakakamiza kulima thonje, thonjelo nkuligula ndi ndalama zocepa. Anyamata ambiri ankapita ku migodi ya ku Joni. Mkulu wake wa Samora anapitanso, ndipo anafera ku mgodi komweko.

Samora anaphunzira pa sukulu ya misyoni ya Akatolika. Anamaliza kalasi 4. Kwa mwana wakuda, kupitirira pamenepo kunali kovuta. Koma njira imodzi inali yotseguka: kuphunzira unamwino. Namwino ndi munthu wosamala odwala ku cipatala. Pa Cipwitikizi amati enfermeiro.

Samora ku cipatala

M'zaka za m'ma 1950 Samora anali ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Anaphunzira unamwino ndi kugwira nchito pa cipatala cacikulu ca Miguel Bombarda. Anaphunzira kutsuka zilonda. Anaphunzira kubaya jakisoni ndi kuyeza kutentha kwa thupi. Anakagwiranso nchito pa cilumba ca Inhaca, pakati pa madzi a m'nyanja.

Ku cipatalako Samora anaona zinthu zimene zinamupweteka mtima. Odwala acizungu ankagona kwawo kwabwino, odwala akuda kwawonso. Namwino wakuda ankalandira ndalama zocepa kuposa mzungu, pamene nchito inali imodzimodzi. Madotolo, mankhwala ndi makina abwino zinali m'mizinda. Nanga mwana wa kumudzi akadwala usiku? Amayi ake ankamubereka kumsana, nkuyamba ulendo wapansi. Ena ankafika. Ena ankabwerera panjira akulira.

Mu 1963 Samora anasiya cipatala. Anathawira ku Dar es Salaam, ku Tanzania, nalowa FRELIMO. Anakaphunzira usilikali ku Algeria. Eduardo Mondlane ataphedwa mu 1969, Samora anakhala mtsogoleri wa FRELIMO mu 1970. Pa 25 Junho 1975 Moçambique analandira ufulu, ndipo namwino uja anakhala Pulezidenti woyamba.

Madotolo acoka

Ufulu unabwera ndi vuto lalikulu. Madotolo ambiri anali Apwitikizi, ndipo anacoka. Kale analipo oposa 500. Anatsala osakwana 100, pamene anthu m'dziko muno anali pafupifupi mamiliyoni 10. Tangoganizani: dotolo mmodzi, anthu oposa 100,000!

Pa 24 Julho 1975 boma linatenga zipatala zonse kuti zikhale za anthu onse. Komabe zipatalazo zinali zocepa, ndiponso zinali kutali ndi midzi. Samora ankadziwa bwino kuti dotolo saphunzira caka cimodzi. Tsono acite ciani? Iye ndi anzake a ku Unduna wa Zaumoyo anasankha kuyamba ndi kutseka njira ya matenda, munthu asanadwale. Anayamba ndi katemera.

Katemera ndi mankhwala ophunzitsa thupi. Thupi limaona kacilombo kofooka kapena kakufa, limakazindikira, nkukonzekera. Kacilombo kenikeni kakabwera, kamapeza thupi lili maso, monga galu amene akudziwa kale fungo la fisi.

Katemera wa dziko lonse

Mu 1976 unayamba katemera wa dziko lonse. Mabungwe a OMS ndi UNICEF anathandiza. Magulu a anamwino anayenda cigawo ndi cigawo, boma ndi boma, mpaka anamaliza mu 1979. Sanadikire kuti anthu apite ku cipatala. Cipatala ndico cinapita kwa anthu.

Uthenga unkafika m'mudzi tsikulo lisanakwane. Tsiku likakwana, makasu ankatsala kunyumba. Anthu ankaima pa mizere: makanda kumsana, ana, amayi, abambo, agogo ndi ndodo zawo. Katemera wa nthomba anali wa aliyense. Wa cikuku anali wa ana aang'ono. Wa cifuwa cacikulu anali wa ana, ndipo wa kafumbata anali wa amayi a msinkhu wobereka, kuti khanda lisadwale kafumbata wolowera pa mcombo.

Kodi anamwino ocepa anatha bwanji kutemera khamu lonselo? Anali ndi makina odabwitsa, dzina lake Ped-O-Jet. Makinawa ankaoneka ngati kamfuti, ndipo ana ena ankathawa akangowaona. Koma analibe cipolopolo, analibenso singano. Sankafuna magetsi. Namwino ankaponda ndi phazi pansi, monga amapondera telala makina osokera. Kenaka ankagunditsa kukamwa kwa makinawo pa mkono wa munthu. Psii! Mankhwala ankatuluka pa kabowo kakang'ono kwambiri, mwamphamvu, nkulowa okha pakhungu. Munthu asanati mayo, zatha kale. Wotsatira! Pa ola limodzi ankatemera anthu mazana ambiri.

Panalinso cinthu cina cofunika, ngakhale anthu a pa mzere sankaciyang'ana kwenikweni. Cinthuco ndi bokosi lozizira. Katemera wa cikuku sagwirizana ndi kutentha. Akatenthedwa amatha mphamvu, ndipo mwana amabayidwa pacabe. Conco katemera ankasungidwa m'firiji, ndipo kumene kunalibe magetsi firiji inkayendera palafini. Pa ulendo ankamuika m'mabokosi okhala ndi madzi ouma. Kuno ku Angónia kumazizira m'miyezi ya Junho ndi Julho, koma ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, dzuwa limaotca zedi. Kumeneko bokosi lija linali ngati moyo wa mwana.

Pomaliza, mwa anthu 10 alionse, oposa 9 anali atalandira katemera. Kwa dziko losauka, limene linali litangotuluka m'nkhondo, imeneyi inali nchito yaikulu. Agogo ambiri akali ndi cipsera cozungulira pa mkono. Pemphani agogo anu akuonetseni. Nthomba inali matenda oopsa: inkapha, inkacititsa khungu, inkasiya maenje kumaso. Munthu womaliza kuitenga m'mudzi anali wa ku Somalia, mu 1977. Mu 1980 OMS inalengeza kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi. Ndico cifukwa cake ana a lero salandiranso katemera wa nthomba. Kacipsera kamene ali nako ndi ka katemera wa cifuwa cacikulu.

Boma la Samora linacitanso zina. Mu 1977 linalemba mndandanda wa mankhwala ofunika okhaokha, mazana ocepa, kuti ndalama zisathere pa mankhwala odula. Mu 1978 midzi inayamba kusankha anthu ake oti akaphunzire miyezi ingapo, nkubwerera kwawo ndi bokosi la mankhwala. Anthu amenewa ndi ma APE. Mu 1979 katemera wa makanda anakhala nchito ya masiku onse m'zipatala.

Si zonse zimene zinakoma. Boma lomwelo linkaletsa asing'anga, ndipo linkasamutsira anthu m'midzi yatsopano, ena asakufuna. Zimenezi zinawawa mitima ya anthu ambiri.

Nkhondo

Kenaka nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO inakula. Zipatala zazing'ono mazanamazana zinaotcedwa kapena kutsekedwa. Anamwino ena anaphedwa. Magalimoto a katemera analeka kuyenda m'misewu yambiri. Mabanja a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'dziko la Malawi. Kumene katemera sanafike, cikuku cinaphanso ana.

Samora sanaone kutha kwa nkhondoyo. Pa 19 Outubro 1986 ankacokera ku msonkhano ku Mbala, m'dziko la Zambia. Usiku ndege yake inagwa pa phiri la Mbuzini, ku South Africa. Anamwalira ali ndi zaka 53. Mtendere unabwera pa 4 Outubro 1992.

Makina a Ped-O-Jet anasiyidwa. Anthu ophunzira anapeza kuti kukamwa kwake kungatenge magazi a munthu wina nkupatsira mnzake matenda. Lero mwana aliyense amabayidwa ndi singano yakeyake, yogwira nchito kamodzi kokha. Mafiriji ambiri a m'zipatala za kumudzi amayendera mphamvu ya dzuwa. Malungo amayezedwa ndi kadontho ka magazi ka pa cala, ndipo yankho limatuluka mayi akali pomwepo.

Mu 2022 matenda a poliyo, opuwalitsa miyendo, anapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, kenaka mwa mwana wina ku Changara, m'cigawo cino ca Tete. Otemera anatenganso mabokosi awo ozizira, nayenda khomo ndi khomo. Ulendo uwu panalibe kamfuti, panalibenso singano. Mwana ankangoyasamula, nkulandira madontho awiri m'kamwa.