Alexander Whyte, mkulu amene dzina lake linatsalira pa mkungudza

Mwa alendo amene amakhota pa Chitakale kulowera ku Likhubula, pa ulendo wa ku Dziwe la Nkhalamba kapena ku Sapitwa, ndi ochepa amene anamvapo za Alexander Whyte. Komatu dzina lake lili pa mkungudza, mtengo wa fuko lino, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei.

Whyte anabadwira ku Scotland m'chaka cha 1834 ndipo anakhalitsa ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Kuno anafika mu 1891, pogwira ntchito pansi pa Harry Johnston, ali ndi zaka 57, msinkhu umene ena amayamba kufuna ndodo. Chaka chomwecho anakwera phiri la Mulanje, natola zomera zambiri zimene anazitumiza ku London. Eni dera ankaudziwa kale mtengowo. Iye anangoutsegulira njira yolowera m'mabuku a sayansi. Ndiyenso anayambitsa munda wa zomera ku Zomba, kenaka wina ku Entebbe, m'dziko la Uganda.

Anamwalira mu 1908. Nkhalango za mkungudza zimene anaziona zinatha ndi macheka ndi moto, moti wokwera phirili lero amangoonetsedwa zitsa ndi mbande zobzala.