Robert Laws: kalipentala amene adamanga Khondowe

Munthu akachoka pa Mlare m'boma la Karonga kulowera kummwera mumsewu wa M1, amadutsa pa Uliwa asadafike pa Chitimba. Pamenepo pali msewu wokhotakhota wa Gorodi, wa makona 20, wokwera phiri kupita ku Khondowe, komwe lero timati ku Livingstonia. Nthawi ya atsamunda Mlare ndi Khondowe zidali m'boma limodzi la North Nyasa, ndipo aphunzitsi ambiri oyamba a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanjayi adasulidwa pamwamba pa phirilo. Amene adayambitsa malowa ndi Dr Robert Laws, m'busa yemwenso adali dotolo ndi mmisiri wa matabwa.

Laws adabadwa pa 28 May 1851 mumzinda wa Aberdeen ku Scotland. Bambo ake adali mmisiri wopala matabwa ndi kukhoma mipando, ndipo pakhomopo ndalama zidali zosowa. Mnyamatayu adaphunzira ntchito ya bambo akeyo, masana n'kumagwira ntchito, madzulo n'kumapita kusukulu. Ali wamng'ono adawerenga za maulendo a David Livingstone ndipo mtima wake udakhazikika pa Africa. Atalowa yunivesite ya Aberdeen adaphunzira maphunziro wamba, kenaka za udotolo ndi zaubusa. Ku Glasgow adatumikirapo odwala nthomba, ntchito yomwe ambiri ankaithawa.

M'chaka cha 1875 adalowa m'gulu la amishoni a Livingstonia lotsogozedwa ndi E.D. Young. Sitima yawo, Ilala, adaimasula zidutswazidutswa pa mathithi a mtsinje wa Shire, anthu mazanamazana n'kusenza zitsulozo pamutu mpaka kumtunda komwe adakailumikizanso. Pa 12 October 1875 sitimayo idalowa m'nyanja ya Malawi, Laws ali ndi zaka 24 zokha.

Zaka za ku Cape Maclear zidali zowawa. Malungo adatenga anzake angapo, ndipo manda awo alipo mpaka lero. Komweko, mu 1876, Laws adachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, chinthu chomwe anthu a dera lino adali asadachionepo. Koma pa nkhani ya ubatizo zipatso zidachedwa: munthu woyamba, Albert Namalambe, adabatizidwa mu 1881, patatha zaka zoposa zisanu. Chaka chomwecho mishoni idasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Mkazi wake Margaret Gray, yemwe adakwatirana naye ku Blantyre mu 1879, adapirira naye zonsezi, ndipo mwa ana awo amene adakula ndi mmodzi yekha, Amelia Nyasa.

Kwa Laws, kulalikira ndi kugwira ntchito ya manja sizidali zinthu ziwiri. Munthu yemweyo ankaima paguwa Lamulungu, Lolemba n'kumachiza zilonda, mawa lake ali ndi sowo m'manja kapena akuyeza maziko a nyumba. Usiku ankamasulira Malembo, ndipo Chipangano Chatsopano cha m'Chinyanja chimene iye adatsogolera chidatuluka mu 1886. Mu 1894 adatulutsanso dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja. Ankakhulupirira kuti nzeru ndi luso zomwe munthu ali nazo ndi za Mulungu, ndipo kuzikwirira pansi ndi tchimo, monga limaphunzitsira fanizo la matalente la pa Mateyu 25.

Chikhulupiriro chimenechi ndicho chidamukweza phiri la Khondowe mu 1894. Nthawiyo ku Karonga kudali kusadazizire, poti Mlozi, wogulitsa akapolo uja, adagonjetsedwa ndi kupachikidwa kumapeto kwa 1895. Pamalo ozizira, otalikirako ndi udzudzu wa kunyanja, Laws adatsegula sukulu ya Overtoun Institution, dzina lochokera kwa Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Scotland amene ankathandiza ndi ndalama. Pasukuluyi mwana ankaphunzira uphunzitsi, ubusa, ukalaliki, ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, kutumiza mauthenga pa lamya ndi kuthandiza m'chipatala. Anyamata ankabwera wapansi kuchokera ku Karonga, ku Bandawe, ku Ungoni ngakhale kutsidya kwa Luangwa.

Mkuluyu sadafune kuti chilichonse chimukanike. Ali patchuthi kwawo adakaphunzira za magetsi, ndipo pofika 1905 Khondowe idali ndi magetsi opukusidwa ndi madzi a ku Manchewe, pamene matauni ambiri a m'dera lino la Africa ankaunikirabe nyali. Madzi a m'mipope adafika, msewu wa Gorodi udasemedwa m'phiri ndi makasu ndi mapiki, ndipo mu 1911 chipatala cha David Gordon Memorial chidatsegulidwa. Tisaiwale kuti amene adaphwanya miyala ndi kusenza mapaipi kukwera nawo phirilo adali anthu akuno, ambiri mwa iwo maina awo sadalembedwe paliponse.

Ophunzira ake adamwazika patali. David Kaunda adapita ku Chinsali kukayambitsa ntchito ya mishoni, ndipo mwana wake Kenneth adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Clements Kadalie adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ku Karonga, mu 1912, anthu ophunzira adakhazikitsa North Nyasa Native Association, bungwe loyamba la mtundu wake m'dziko muno, ndipo Laws adawalimbikitsa. Mlembi wake, Levi Mumba, ndiye adadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Komabe pali pena pomwe Laws adapunthwa, ndipo n'pomwe iye ankaphunzitsa kwambiri. Munthu amene ankauza achinyamata kuti asakwirire luso lawo ndi yemwenso ankazengereza kuwapatsa mpando. Charles Domingo, amene adakulira m'manja mwake ndipo adamaliza bwino maphunziro a zaubusa, adadikira kudzozedwa zaka ndi zaka mpaka adatopa n'kuchoka mumpingo asadavale kolala. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, adadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikireni mishoni. Ngakhale Mwasi yemweyo adadzatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wakewake. Laws adali munthu wa malamulo okhwima, wosaseka wamba, ndipo ankafuna kuyesa munthu kwa nthawi yaitali asadamukhulupirire. Kuyesa kumeneko kudatayitsa mpingo anthu aluso.

Ulemu adaulandira ali moyo. Mu 1908 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa mpingo wa United Free Church ku Scotland, adakhalako m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland, ndipo pamene Livingstonia ndi Blantyre zidalumikizana kupanga mpingo wa CCAP mu 1924, iye ndiye adali modareta woyamba. Koma loto lake lalikulu, lokhala ndi yunivesite pa Khondowe, amishoni anzake adalikana ponena kuti n'lodula ndiponso kuti anthu akumudzi akusowa sukulu zing'onozing'ono.

Adachoka m'dziko muno mu 1927, atatumikira zaka 52. Adamwalira ku London pa 6 August 1934 ndipo adaikidwa kwawo ku Aberdeen. Nyumba yake ya miyala, Stone House, idakalipo pa Khondowe ndipo muli malo osungiramo zinthu zakale. Yunivesite ija sinodi ya Livingstonia idadzaitsegula mu 2003, patatha zaka 69 mwini lotolo ali m'manda.